Botolo la asisi mu mtsuko wa ambuya

Asisi anafika pa Chalimbana mu December 2023 ndi chikwama chimodzi chachikulu, ndi kena kakang'ono kamene sanalole munthu kukagwira. Kuchokera ku Cape Town mpaka Joni, Joni mpaka Intercity, Intercity mpaka Chongwe, kachikwama kaja kanali pamiyendo pawo. Ine ndinkaganiza kuti muli foni imene anandilonjeza. Foni inalimo, inde, koma inangoponyedwa pakati pa masokosi. Chimene anachikulunga m'zitenje ziwiri ngati khanda linali botolo.

Atate analiyang'ana lili patebulo, nayang'ana asisi, kenako anayang'ana amai ngati kuti amai ndiwo analibweretsa. Atate ndi mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, ndipo chibadwire changa sindinawaonepo atagwira ngakhale Mosi wa mlendo. Anati, "Mwana wanga, wafika bwino, tathokoza Mulungu. Koma ichi sichigona m'nyumba muno."

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa Chalimbana. Kuno aphunzitsi akhala akuphunzitsidwa kuyambira nthawi ya atsamunda. Makolo athu amakumbukira dzina la NISTCOL, ife tikudziwa Chalimbana University. Mwana wa mphunzitsi wokulira kuno njira yake imakhala yojambulidwa kale: choko, rejisitala, penshoni. Asisi anaiyamba njirayo, nayenda zaka ziwiri pa koleji ina, kenako anaisiya. Anapita ku South Africa, anatsuka mbale, anaperekera zakudya, mpaka anapezeka ku Hermanus, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumene azungu amapita kukaona anamgumi. Kumeneko ntchito yawo inakhala ya vinyo: kusankha, kutsegula, kuthira, ndi kuuza mlendo kuti nsomba imene waitanitsa igwirizana ndi botolo liti. Anthu a kumpingo akafunsa, atate ankangoti, "Ali ku hotela." Sankanama, koma sankamalizanso.

Amene anapulumutsa botolo ndi ambuya, amai awo a atate. Anachokera ku Katete ndipo amakhala m'kanyumba ka kuseli kwa nyumba yathu. Pa banja lathu pali nkhani imene siikambidwa patebulo: sukulu ya atate inalipiridwa ndi mowa umene ambuya ankaphika. Chimera, mgolo, masiku owerengeka, kulawa ndi chipanda m'mamawa. Choncho atamva phokoso anatuluka ndi ndodo yawo nati, "Ngati m'nyumba mwa aphunzitsi mulibe malo, kwanga alipo." Asisi anawauza kuti chinthuchi chimaopa kutentha kuposa china chilichonse, kuti December wa kuno angachiphike chili m'botolo momwemo. Ambuya sanafune kufotokozeredwa kawiri. Anatenga mtsuko wakale, anathiramo mchenga wa ku mtsinje wa Chalimbana, anaunyowetsa, nagoneka botolo pakati, n'kuika mtsukowo pakona pamene dzuwa silifika. M'mawa uliwonse ankawazapo madzi ngati akuthirira nazale ya fodya.

Usiku umenewo ndinafunsa asisi kuti n'chiyani kwenikweni chimene anavutikira nacho chonchi. Ine vinyo ndinkamudziwa ngati mmene ambirife timamudziwira mu Lusaka: wa m'katoni wa pa kicheni pate, wotsekemera, amene mawa lake mutu umakhala ngati wa wina. Kapena uja wa mu botolo lokongola amene anthu amagula kuti ajambule n'kuika pa sitetasi, kenako n'kuthiramo Coca-Cola.

"Ni pinot noir," anatero, akutchula ngati pino nwaa. Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Zimene anandiuza usiku uja, ndi zimene ndawerenga pambuyo pake, ndi izi. Pinot noir ndi mtundu wa mphesa, kwawo ndi ku Burgundy ku France, kumene amonke anailima kwa zaka mazana, akumayang'ana kuti kamunda aka kamapereka kukoma kotani poyerekeza ndi kamunda ka tsidya la mpanda. Mu 1395 wolamulira wa deralo, Philip the Bold, anafika polamula kuti mphesa ina yotchedwa gamay izulidwe kuti isaononge mbiri ya pinot. Gamay inkabereka kwambiri, mlimi ankaikonda. Pinot imabereka pang'ono ndipo imavuta. Khungu lake n'lopyapyala. Zipatso zake zimathithikana pa phava limodzi, moti mvula ikagwa nthawi yolakwika madzi amatsalira pakati, nkhungu n'kulowa, phava lonse n'kuola. Dzuwa likachuluka imapsa msanga, shuga amakwera kukoma kusanakhwime, ndipo vinyo wake amatuluka ngati jamu yothira spirit.

N'chifukwa chake imafuna malo ozizira. Kukazizira, mphesa imapsa pang'onopang'ono, imasunga kuwawasa kwake, ndipo fungo limapeza nthawi yokula. Asisi anandipatsa chitsanzo chimene ndinamva: tomato wa mu June ndi tomato wa mu October. Wa mu October amafiira masiku ochepa, mkati muli madzi okha. Wa nthawi yozizira amachedwa mpaka kukukwiyitsa, koma ukamudula amanunkhira tomato. Ku France kuzizira kumabwera chifukwa ali kumpoto kwambiri. Ku Oregon ku America, ku Germany, ku Central Otago ku New Zealand, aliyense ali ndi kuzizira kwake. Kumene kuli asisi kumabwera ndi nyanja. Kuseli kwa Hermanus kuli chigwa chotchedwa Hemel-en-Aarde, m'Chiafrikaans kutanthauza kumwamba ndi dziko lapansi, ndipo mphepo yochokera ku Walker Bay imalowamo n'kuziziritsa minda ngakhale pakati pa chilimwe. Munthu wina dzina lake Tim Hamilton Russell anagula malo kumeneko mu 1975, pa nthawi imene vinyo wa South Africa ankadziwika ndi madera otentha a kumtunda, ndipo vinyo wake woyamba anatuluka mu 1981. Ena anatsatira. Lero chigwacho chimatchulidwa kulikonse kumene anthu akukamba za pinot noir ya mu Africa.

Ine, mwana wa ku Chongwe, funso langa linali lodziwikiratu. Kodi kuno sikuzizira? Aliyense amene anadikirapo basi pa Great East Road mu July m'ma 5 koloko m'mawa akudziwa kuti kumazizira mpaka makutu kuwawa. Asisi anati vuto si kuzizira kokha, koma kuti kumabwera liti. Ku Cape mvula imagwa nthawi yozizira, mipesa itagona, masamba atayoyoka. Mphesa zimapsa nthawi youma, n'kukololedwa cha mu February. Kwathu n'zotembenuka: kuzizira kumabwera kopanda mvula, ndipo miyezi imene mpesa ungafune kupsetsa zipatso ndi imene mitambo imatsika. Mvula imene Asoli amapempha pa Chakwela Makumbi, imene chimanga chathu chimadikira, ndiyo ingaoletse pinot noir yonse m'mlungu umodzi. Mphesa zina zimatheka kuno ngati munthu adulira mwanzeru ndi kuthirira. Iyi ayi, kapena tinene kuti ingakusautse mpaka ungabwerere ku rape ndi impwa.

Asisi anabwerera mu January botolo lisanatsegulidwe. Anati analibweretsera atate, ndipo adzalitsegula atate alipo, apo ayi likhale.

Za chaka chimene chinatsatira simufuna kuuzidwa ndi ine. Mvula inadula mu January, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo kumapeto kwa February 2024 boma linalengeza kuti chilala chija ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba, malaiti ankabwera usiku kwa maola owerengeka ngati mlendo wothawa ngongole. Munda wa atate, umene zaka zonse umatipatsa ufa mpaka chaka chitembenuke, unatulutsa zimene zinakwana mu wilibala. Penshoni ya mphunzitsi ndi mtengo wa saka ya ufa sizinkalankhulana. Mwezi ndi mwezi foni ya amai inkalira, ndalama zalowa kuchokera ku Hermanus. Tonse tinkadziwa kuti mbali yaikulu ya ndalamazo ndi matipu a anthu amene asisi anawathirira vinyo. Atate ankapemphera pa nsima iliyonse, ndipo m'pemphero ankatchula "mwana wathu ali kutali". Za ntchito yake sankatchula. Ine zinkandipweteka, koma ndinkadya nawo, choncho ndinalibe pakamwa.

Ambuya, pakati pa vuto lonse la madzi, sanaleke kuwaza mchenga wa mu mtsuko. Amai anadandaulapo kamodzi kuti madzi otunga movutika akuthera botolo. Ambuya anati ndi kapu imodzi chabe, ndipo ndi ya pa gawo lawo.

Asisi anabweranso mu July, nthawi imene ku Cape kuli mvula ndipo alendo achepa. Tsiku lachitatu madzulo, malaiti kulibe monga mwa masiku onse, tinakhala panja pa khomo la ambuya tazinga mbaula. Asisi anafukula botolo. Pepala lake linali litanyowa n'kusupuka, dzina silinkawerengekanso, koma analigwira patsaya nati kuzizira kwake n'koyenera ndendende. Vinyo wofiira wa mtundu uwu safuna firiji ndipo safuna kutentha. Amafuna pakati, cha m'ma 14 mpaka 16 digiri, ndipo madzulo a July pa Chalimbana anatipatsa zimenezo kwaulere. Anali atabwera ndi magalasi awiri a mimba yaikulu. Ena tinagwiritsa matambula a amai a alendo.

Kunena zoona, nditaona akuthira ndinakhumudwa. Ndinkayembekeza chinthu chakuda, cholemera, choopsa. Chimene chinatuluka chinali chofiira mopepuka, moti asisi atakweza galasi kutsogolo kwa tochi ya foni ndinkaona zala zawo mbali inayo. Ndinati, "Asisi, anakugulitsani juwisi." Anandifotokozera kuti madzi a mphesa pafupifupi zonse ndi oyera, mtundu umachokera ku khungu, ndipo khungu la pinot lili ndi utoto wochepa. N'chifukwa chake mphesa yomweyi, akaifinya n'kuchotsa makungu msanga, imalowa mu Champagne amene ndi woyera. Kupepuka kwa mtundu si umboni woti athiramo madzi.

Ndinamwa ngati mmene timamwera, kamodzi n'kumeza. Kunali kuwawasa, osati kwa ndimu, koma kwa chipatso chimene changotsala tsiku limodzi kuti chipse. Shuga panalibe. Kuuma kuja kumene nthochi yosapsa imasiya pa lilime kunalipo koma pang'ono kwambiri, ngati kwangodutsa. Pakhosi sipanapse. Ndinaganiza kuti basi, ndi zomwezi, ndalama ya masaka a ufa yathera apa. Kenako, nditameza kale, kukoma kunakhalabe. Ndinayankha funso la amai, ndinasonkha mbaula, ndipo kunali kudakalipo, kukusintha, kuchoka ku chipatso kupita ku chinthu china chimene sindinathe kuchitchula.

Ifeyo tinakula nthawi ya tujilijili, timapaketi timene boma linaletsa mu 2012, ndipo ngakhale tinachoka, maganizo ake anatsala: chakumwa chabwino ndi chimene chimakumenya msanga pa ndalama yochepa. Ukapita ndi maganizo amenewo kwa pinot noir udzaona ngati wabedwa. Mphamvu yake ndi ya vinyo wamba, cha m'ma 13 peresenti, ndipo sakuwa. Ngati ukufuna kuledzera pali njira zotchipa maningi.

Ambuya sanamwe msanga. Anazunguza tambula, popanda wowaphunzitsa, naika mphuno, n'kukhala chete nthawi yaitali. Asisi anawauza kuti mabuku a azungu amati vinyoyu amanunkhira cherry, raspberry, ndi pansi pa nkhalango. Ambuya anati zinazo sazidziwa. "Koma uyu ni bowa. Bowa wa m'masuku, mvula itagwa kawiri." Analawa, nasunga m'kamwa, n'kumeza. Kenako anapereka chigamulo cha mmisiri: "Amene anaphika uyu sanathamange."

Asisi anaseka mpaka misozi. Anati anavutika chaka chathunthu kuloweza mayina a zipatso zimene sanadyepo kuti akhoze mayeso a vinyo, pamene fungo lenileni analidziwa kuyambira ali mwana. Anatiuza za anyamata anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Pardon Taguzu ndi Marlvin Gwese, amene anapita ku South Africa pothawa mavuto a kwawo, nagwira ntchito m'malesitilanti, ndipo mu 2017 anakaimira dziko lawo ku Burgundy pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo. Nkhani yawo ili mu filimu ya Blind Ambition. Anatiuzanso za mayi wina, Berene Sauls, amene anayamba ngati wolera ana pa famu ya Hamilton Russell, ndipo lero ali ndi pinot noir yakeyake yotchedwa Tesselaarsdal, dzina la mudzi wa kwawo. Sanabise mbali inayo. Anati ambiri amene amathyola mphesazo, kuphatikizapo Amalawi ndi Azimbabwe amene amacheza nawo, sangakwanitse kugula botolo la munda umene amagwiramo, ndipo m'mafamu a ku Cape kale antchito ankalipidwa mbali ina ya malipiro ndi vinyo wotchipa, zimene zinasiya mabala m'mabanja mpaka lero. Ndinaona kuti mbali imeneyi ankainena mokweza, kuti ifike pa khonde.

Chifukwa atate anali pa khonde la nyumba yaikulu, mumdima, ndi wailesi ya mabatire imene anali ataitsitsa kalekale.

Asisi anathira pang'ono m'galasi lachiwiri, limene linali lisanagwiritsidwe, nanyamuka. Anagwada monga mwa mwambo. Tinamva akuti, "Atate, sindikuti mumwe. Ndikudziwa simumwa. Nunkhizani chabe, mudziwe chimene ndimagwira."

Panapita nthawi. Amai anayamba kutokosa makala amene sankafunika kutokosa. Kenako tinaona dzanja la atate likulandira galasi, moligwira ngati mmene amagwirira kapu ya mgonero, ndi manja awiri. Ananunkhiza kamodzi, mwachidule, ngati munthu wofuna kuti zithe. Ananunkhizanso, ndipo kachiwiriko anachedwa.

"Kuseli kwa phiri lija," anatero, "kumene tinkapita ndi iwe kukafuna masuku uli giredi 3. Usanafike pa mtsinje."

Malo amenewo ndimawadziwa. Lero kulibe mtengo. Anatha ndi malasha amene amadutsa pa Great East Road pa njinga ndi m'malole kupita ku Lusaka, ena mwa iwo ndi amene ankayaka mu mbaula yathu usiku womwewo. Ine ndinabadwa mochedwa, nkhalango ija sindinaione bwino. Asisi anaiona, atate anawanyamula paphewa kubwerera.

Atate sanamwe. Anabweza galasi, nafunsa kuti mphesa yake imatenga miyezi ingati, ndipo n'chifukwa chiyani singalimidwe kuno. Asisi anakhala pansi pa khonde nayamba kufotokoza za mvula ya ku Cape ndi khungu lopyapyala, zomwe zija anandiuza ine mu December. Atate ankafunsa ngati mphunzitsi, funso pamwamba pa funso, mpaka anafika pa mphesa ya pinotage, imene pulofesa wina wa ku Stellenbosch, Abraham Perold, anaipanga mu 1925 pokwatitsa pinot noir ndi mphesa ina yopirira kutentha yotchedwa cinsaut. Apo atate anadzuka pang'ono pampando, chifukwa nkhani ya kukwatitsa mbewu anaiphunzitsa zaka zambiri, ndipo anayamba kuwafotokozera asisi mmene zimachitikira, ngati kuti asisi ndiwo sakudziwa.

Galasi la atate anamaliza ndi ambuya. Anati vinyo wonunkhizidwa ndi mkulu wa mpingo sangatayidwe.

Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, mayi wina anafunsa atate ngati uyu ndi mwana uja wa ku hotela. Ndinali pafupi, ndinamva. Atate anati, "Ndi yemweyo. Amagwira za mphesa." Sanafike pa liwu lakuti vinyo, ndipo asisi anandiponda phazi kuti ndisaseke. Botolo lopanda kanthu lili kwa ambuya, amasungiramo mbewu ya mawungu.